Ndinkadziyeza pa sikelo ya venda wa soya

Chinayamba ngati kandimu, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ndikatsokomola chinkatuluka, ndikagona chagada n'kuchikankha ndi zala chinkabwerera mkati mpaka kumveka kuti gudu. Ndinakhala nacho zaka zitatu osauza munthu, kupatula bambo a kunyumba kwanga, amene nawonso ankangoti tidzakaonetsa tikakolola. Tinakolola katatu. Pofika chaka chatha chinali chitakula ngati papaya losapsa, ndipo tsiku lina nditangotula ndowa ya madzi pakhonde chinatuluka n'kukana kulowa. Ndinasanza kawiri. Ndinagona pamkeka kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka ndikuchisisita, thukuta lili kamukamu. Chitalowa, bambo anapita kukauza wanjinga yamoto kuti atitenge m'mawa mwake.

Adokotala a kuchipatala cha mishoni anali bambo achikulire, olankhula mosathamanga, ndipo mawu awo ndimawakumbuka onse chifukwa ndinkamvera ndi mantha. Anati amenewo ndi matumbo, apeza chibowo mu mnofu wa pamimba ndiye akumatulukira pamenepo. Anati tsiku lina adzatuluka n'kupanikizika osabwereranso, ndipo zikatero munthu sakhala masiku ambiri. Mankhwala akumwa palibe, koma kung'amba n'kusoka basi. Ine ndinati chabwino, ng'ambani lero lomwe. Iwo anaseka pang'ono n'kundiuza kuti ndikwere pasikelo. Inalemba 104. Anandimanga chija cha BP pamkono, anayang'ana, anachimanganso kachiwiri.

"Amayi, ndikakusokani muli chonchi msoko sugwira. Mimbayi ikankha ulusi mpaka kuduka. Komanso mtima wanu ndi mankhwala ogonetsa sizigwirizana. Ndikukupatsani miyezi itatu. Mubwere sabata yachiwiri ya Julayi muli 92 kapena kutsikira apo. Mukaposa, sindikugwirani."

Apo n'kuti tili mu Epulo, Pasaka titangodya. Anandiletsanso kusenza, kulima ndi kusinja.

Kunena zoona, sindinachite mantha ndi makilo khumi ndi awiriwo. Kuwonda ine ndinali nditakuzolowera. Thupi langa lakhala ngati mtsinje wa kudambo kwathu, chaka chino kusefukira, chaka chamawa kuphwa, kenaka kusefukira kuposa poyamba. Ndinayamba kunenepa nditabereka mwana wachinayi, ndipo poyamba ndinkakondwa nazo, anthu akamati banja lakuyanjani. Mawondo ndi amene anayamba kudandaula. Ulendo woyamba ndinawondera pa Lenti, masiku makumi anayi osalawa nsima masana, tiyi wopanda shuga. Yunifolomu yathu ya amayi a kutchalitchi inayamba kundikhwepa. Pasaka itadutsa ndinadya ngati ndikubwezera, pofika Juni ndinakaikulitsa kwa telala. Ulendo wachiwiri ndinagula masamba a tiyi wowondetsa pa Msundwe, kwa bambo wina amene ankalengeza ndi chimkuzamawu. Tiyi ameneyo anandiyendetsa kuchimbudzi sabata yathunthu, mpaka ndinaloweza mfundo zonse za pachitseko.

Ulendo wachitatu ndi umene unandipweteka mtima. Ndinkamwa madzi otentha a ndimu m'mawa, n'kudya kamodzi patsiku, ndipo ndinawondadi, mafupa a pakhosi mpaka kuoneka. Tsiku lina pamjigo alamu anga, akazi a achimwene a bambo, ananditengera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati ndayamba kulandira mankhwala aja. Anati ndisabise, masiku ano anthu akukhala nawo moyo. Ankanena mwachifundo ndithu. Koma ndinadziwa kuti ngati afika pondifunsa ndiye kuti mudzi wonse watha kale kukambirana. Bambo nawo kubawo anayamba kuwayang'ana ngati munthu amene wabweretsa chinthu pakhomo. Ndiye ndinachita chiyani? Ndinayamba kudyera pagulu. Tsiku la msika ndinkaima pachiwaya pa Nsaru, tchipisi mbale yodzaza, mandasi m'manja, kuti aliyense aone kuti ndili bwinobwino. Thupi linabwerera, linabweranso ndi anzake.

Ndiye adokotala atanena za 92, mumtima ndinati ndikangosiya nsima basi, zatheka. Koma anesi amene anandiperekeza panja, mayi wa msinkhu wanga, anaona ngati akuwerenga m'mutu mwanga. Anandikhazika pabenchi n'kunena kuti zodzimana chakudya ayi, zimenezo ndi zimene zandifikitsa pa 104. Anati ndizidya katatu, koma mowerenga. Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu yake, imene amaitcha makalori, monga mmene nkhuni zimasiyanira moto, chitsononkho ndi chikuni cha mthethe si chimodzi. Thupi likalandira moto woposa umene likugwiritsa ntchito, wotsalawo limasunga. Anandipatsa pepala la mayina a zakudya ndi manambala ake, pamwamba analemba ndi bolopeni kuti 1,500 patsiku.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Kuwerenga mayina ndimatha, koma kuphatikiza mahandiredi m'mutu uku njala ikukuluma ndi nkhani ina. Masiku awiri oyamba ndinkangosokoneza. Tsiku lachitatu ndinaganiza zanga. Ndinatola njere za chimanga khumi ndi zisanu, njere imodzi kuimira handiredi, n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Ndikadya mtanda wofanana ndi nkhonya yanga, ndinkamasula n'kuponyera nkhuku njere ziwiri. Dzira, njere imodzi. Supuni ya mafuta ophikira, imodzi. Ndasi limodzi, zitatu, moti mandasi ndinangowasiya ndekha popanda wondikalipira. Njere zikatha, ndiye kuti kudya kwatha mpaka mawa. Nkhuku zinafika pondizindikira, ndikangokhala pansi ndi mbale zinkabwera kudzandizungulira.

Sizinali zophweka, ndisaname. Madzulo ambiri ndinkafika ndi njere ziwiri zokha, ndikuyang'ana mphika wa nyemba ngati ndi wa eni ake. Bambo, amene ndi owonda ngati mpini wa khasu koma amatha mitanda isanu, anayamba kukadyera kuseri kwa nkhokwe kuti ndisawaone. Madzi ankatunga ndi iwo, zigubu ziwiri panjinga, amuna anzawo akuwaseka. Sanadandaule. Nthawi zina ndinkawapeza akuyang'ana pamimba panga n'kuthawitsa maso.

Koma papepala paja panali zinthu zimene panalibe. Panali buledi, mpunga, majarini, soseji, zinthu zoti kwathu timaziona pa Khirisimasi. Thobwa panalibe. Mtedza wauwisi panalibe. Ndinayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa pepala, ndinawapatsanso bambo kuti ayang'ane. Ndiye ndinaganiza chonchi, ndipo ndikunena mmene ndinaganiziradi: anthu ophunzira analemba zakudya zonse zonenepetsa, ngati chinthu sanachilembe ndiye kuti chilibe kanthu. Nanga thobwa si madzi? Umamwa, sutafuna. Ndipo mwezi wa Meyi ndi Juni thobwa silisowa pakhomo, timaphikira othandiza kukolola. Njala ikandigwira masana ndinkamwa kapu yaikulu ija yapulasitiki, nthawi zina ziwiri, yothira shuga, osamasula chitenje. Mtedza nawo, poti ntchito zolemera anandiletsa, ine ndi amene ndinkakhala pamkeka tsiku lonse kusenda. Amene anasendapo mtedza akudziwa mmene dzanja limapitira lokha kukamwa. Kumeneko sindinkakuyesa kudya. Kudya ndi kusamba m'manja n'kukhala pansi ndi mbale.

Tsopano panali nkhani ya podziyezera. Anesi anati ndizipita kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Kufupi kwake ndi maola awiri wapansi. Koma mtunda sichinali chifukwa chenicheni. Chifukwa chenicheni n'chakuti sikelo ya akuluakulu kumeneko ili pakhonde lomwelo limene anthu amafola polandira mankhwala aja, ndipo ine ndinali nditayambanso kutsika thupi. Ndinkaona kale nkhope ya alamu anga. Sindinafune.

Pamsika wa Nsaru nyengo imeneyo pamadzaza mavenda ogula soya ndi mtedza. Ambiri ali ndi masikelo okoleka, koma panali mnyamata wamkulu ndithu, wandevu, amene anachita lendi khonde la sitolo ina, iyeyo anali ndi sikelo yapansi, yachitsulo, ya manambala ofiira oyaka. Amangoika thumba pamwamba, nambala n'kutuluka. Patatha masabata awiri chichokereni kuchipatala, ndinadikira kuti anthu achepe, n'kumupempha ngati ndingakwerepo. Anaseka, anati kwerani amayi, koma musandithyolere, ndilibe ina.

Inalemba 98.

Ndinatsika, ndinakweranso. 98. Makilo asanu ndi imodzi m'masabata awiri. Ndinabwerera kunyumba miyendo ikupepuka, ndinawauza bambo tili pachipata, iwo anavula chipewa n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Tsiku limenelo ndinamwa thobwa ndi mtima woyera.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse la msika ndinkakwera. 97. Kenaka 96. Sabata ina inakana kusuntha, ndinakhala masiku awiri osalankhula bwino ndi munthu, ndinachotsapo njere imodzi pa khumi ndi zisanu zija. Inatsika, 95. Venda uja anafika pondizolowera, akandiona patali ankachotsa thumba pasikelo n'kunena kuti kasitomala wanga wosagulitsa wafika. Amayi ogulitsa tomato pafupi nawonso anayamba kumandifunsa kuti lero zingati. Sabata yomaliza ya Juni manambala ofiira aja analemba 92. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka venda anati amayi, ena akudikira ndi katundu.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti kodi mutu wanga unali kuti. Ine ndine mlimi. Ndabadwira mu mtedza, ndakulira mu fodya, soya ndalima zaka khumi. Palibe mwana wa m'dera lathu amene sadziwa zimene masikelo a mavenda amachita. Ineyo pakamwa panga pano ndatukwanapo mavenda kosawerengeka. Koma pamene ndinkakwera ndekha, sizinandibwerere m'maganizo ngakhale kamodzi. Kapena zinabwera n'kuzikankha, kaya. Nambala ikamakuuza zimene ukufuna kumva, suifunsa kumene yachokera.

Zinaululika chonchi. Sabata yotsatira tinaganiza zogulitsa matumba awiri a soya kuti tikonzekere za kuchipatala. Bambo ali mu kalabu ya alimi, ndipo kalabuyo ili ndi sikelo yake yokoleka pamtengo imene alangizi amabwera kudzaiona ngati ili bwino. Anakayeza kumeneko dzulo lake, thumba lililonse fifite ndendende, anachita kutapa ndi mbale mpaka muvi utaima pamzere. Ine ndi amene ndinawauza kuti tikagulitse kwa venda wanga uja, ndinati ndi munthu wabwino.

Anaika thumba loyamba. 47. Lachiwiri, 47.

"Achimwene, matumba awa ndi a fifite. Ndayeza ndekha dzulo," anatero bambo, mwaulemu wawo uja.

"Madala, ine sinditsutsana ndi munthu. Makinawa ndi amene akulankhula, onani nokha. Mwina soya wanu wauma usiku."

Ine magazi anandikwera. Ndinaiwala za BP, ndinaiwala kuti ndine kasitomala wake wosagulitsa. Ndinamuuza kuti akutibera dzuwa likuswa mtengo, kuti tonse tikudziwa masikelo awo amadya makilo atatu pa thumba lililonse, kuti thukuta la anthu lidzamutsata. Anthu anayamba kusonkhana. Ndinkalankhula ndikuloza sikelo ija ndi chala. Pamenepo mayi mmodzi wa tomato, amene ankandifunsa sabata ndi sabata kuti lero zingati, anayankhula ali chikhalire pa mpando wake, akuseka.

"Nanga inu asisi, si paja mumakwera pomwepo? Ngati imadya atatu pa thumba, inu ndi matumba awiri, ndiye yakudyani angati?"

Anthu anaseka kwambiri. Venda nayenso anaseka. Ine chala chija chinatsala m'mwamba. Ndinawayang'ana bambo. Iwo sanaseke, ankawerenga ndi zala pansi pa chipewa, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti apeza yankho limene ine ndinali nditalipeza kale.

Anthu atabalalika ndinamufunsa venda uja motsitsa mawu kuti bwanji sanandiuze, poti ankadziwa kuti ndikuyezera za kuchipatala. Anakweza mapewa. Anati amayi, ine ndimagula soya, sindigula anthu.

Soya tinabwerera naye. Bambo ankakankha njinga, ine ndikutsatira kumbuyo.

M'mawa mwake ndinanyamuka kupita kuchipatala chaching'ono chija. Za alamu anga ndinalibe nazo ntchito tsopano, aone amene akufuna kuona. Ndinafola pakhonde lomwelo. Bambo wa zaumoyo amene amayeza amayi oyembekezera anandiuza kuti ndivule nsapato. 98. Ndinamupempha kuti aione bwino, mwina yakakamira. Anaikapo chigubu cha madzi chimene amayesera, anandionetsa kuti ili bwino, ndinakweranso. 98. Nambala yomweyo imene ndinaivinira mu Epulo, ndiye kuti tsiku lija ndinali ndisanataye ngakhale kilo imodzi. Miyezi iwiri ndi theka ya njere za chimanga inandichotsa makilo asanu ndi imodzi okha, theka la amene ankafunika. Masiku otsala anali khumi ndi atatu.

Pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ndinkaganiza za mawu aja akuti munthu sakhala masiku ambiri. Ndinkaganiza kuti akandibweza, mvula ikubwera, msewu wathu ukathyoka mlatho njinga yamoto sidutsa, ndiye chikadzatuluka osalowa mu Januwale ndidzatani? Ndinagwira pamimba. Chinali pomwepo, chofewa, chikudikira.

Ndiye ndinabwerera ku zimene ndinkadziwa. Njere zija ndinazimasula zonse n'kuponyera nkhuku kamodzi. Pepala ndinaliika pansi pa matiresi. M'mawa madzi otentha a ndimu, masana mpiru wowiritsa wopanda mchere, wopanda mafuta, madzulo madzi otenthanso. Mawu a anesi aja ndinkawakumbuka bwinobwino, koma ndinati iwo sakudziwa kuti ndatsala ndi masiku angati. Tsiku lachitatu ndinawanamiza bambo kuti ndikupita kukazonda wodwala wa m'mphakati mwathu, ndinakwera galimoto mpaka pa Msundwe. Wachimkuzamawu uja anali pomwepo, ngati sanachokepo zaka zonsezi. Ndinagula timapaketi tiwiri, ndinatibisa m'thumba la ufa.

Tiyi uja anagwira ntchito yake ngati kale. Koma kale ndinalibe chibowo pamimba. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi chinthu chija chinkatuluka, ndinkachigwira ndi manja awiri ndili chinjutire, ndikupemphera kuti chilowe. Chinkalowa, koma mochedwa kuposa dzulo lake. Ndikaimirira maso ankachita mdima. Milomo inang'ambika. Mtima unayamba kugunda modumphadumpha, kugunda katatu n'kuima ngati waiwala, kenaka n'kuthamanga. Ndinkadziwa kuti sizili bwino. Ndinkangowerenga masiku, asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi, ndikuti ndipirire, akakandisoka ndidzadya.

Kutatsala masiku anayi ndinagwa. Ndinkasesa pabwalo m'mawa, ndinawerama kuti nditole chitsononkho, basi. Ndinadzidzimuka ndili pamkeka pakhonde, kumaso kwanyowa, bambo atagwada pambali panga ndi kapu. Pambali pawo panali timapaketi tija. Anali atapita kukatapa ufa kuti andiphikire phala.

Bambo a kunyumba kwanga si munthu wokweza mawu, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala nawo. Tsiku limenelo sanakwezenso, anangoika kapu pansi n'kuloza timapaketi tija.

"Mayi, kodi mwaganiza zofa ndi njala kuti chotupacho chisakupheni?"

Ndinawayankha zoipa. Ndinati iwo sangamve, munthu woti amadya mitanda isanu n'kukhalabe ngati bango. Ndinati thupi langa lakhala likundipereka kwa anthu moyo wanga wonse, ndikanenepa ndine wadyera, ndikawonda ndine wodwala, lero latsala pang'ono kundipha ndiye andisiye ndilimbane nalo ndekha. Ndinati akandibweza kuchipatala, adzandiike okha m'manda mu Januwale. Nditatha, anatenga timapaketi tija n'kukatiponya m'chimbudzi, anabwera ndi phala, anakhala pansi n'kunena kuti sapita kudimba mpaka nditadya. Ndinadya masupuni atatu. Anakhalabe. Ndinadya ena awiri.

Masiku atatu otsalawo ndinkadya iwo akamandiyang'ana, akachoka ndinkasiya. Dzulo lake la tsiku lopita ndinaleka kumwa madzi kuyambira masana, chifukwa ndinamvapo kuti madzi nawo amalemera. M'mawa ndinavala diresi lopepuka kuposa onse, la nayiloni, ngakhale kunkazizira kwa Julayi kuja kolowa m'mafupa. M'chikwama ndinaikamo zitenje zitatu, sopo, kapu ndi mbale, zonse zogonera m'chipatala.

Anesi anali omwe aja. Atandiona anati kwerani. Ndinavula nsapato, juzi, chitenje, ngakhale mpango wa kumutu. Ndinatulutsa mpweya wonse m'chifuwa, ngati mpweya umalemera. Sindinayang'ane pansi, ndinayang'ana nkhope yawo.

"94," anatero.

Awiri okha. Ndinalowa kwa adokotala nditakonzeka kugwada. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, oti ndachokera pa 104, makilo khumi si masewera, andichitire chifundo pa awiriwo. Koma iwo nambala anangoiyang'ana kamodzi. Anandiuza kuti nditulutse lilime. Anatsina khungu la pa dzanja langa, linaima osabwerera ngati chikopa chouma. Anandiyeza BP nditakhala, anati ndiimirire, ndinagwira tebulo. Anamvera mtima nthawi yaitali kwambiri. Kenaka anakhala pansi n'kundifunsa kuti ndadya chiyani masabata awiri apitawa, ndipo ndisawabisire.

Ndinawauza zonse. Za njere, za thobwa, za mtedza, za venda, za tiyi. Pa za sikelo ya soya anesi anatembenukira kukhoma, sindikudziwa ngati ankaseka kapena ayi. Adokotala sanaseke. Anaitanitsa bambo kuti alowe.

"Makilo awiri tikanakambirana," anatero. "Mukanabwera ngakhale ndi 96 muli ndi mphamvu, ndikanaganizira. Koma anayi omalizawa si mafuta, ndi madzi, abwerera sabata isanathe. Thupi louma chonchi, mtima ukudumpha chonchi, ndikakugonetsani sindikudziwa ngati ndingakudzutseni. Lero ayi."

Ndinafunsa kuti liti. Anatsegula buku lalikulu, anatembenuza masamba, anatembenuzanso. Anati malo alipo mu Novembala, kumayambiriro. Ndinati mvula ikayamba msanga nanga? Anatembenukira kwa bambo, n'kuwauza pang'onopang'ono kuti amvetse: chikatuluka n'kulimba, chikasintha mtundu, ndikamasanza, mpweya ukasiya kutuluka kumbuyo, asadikire kuti kuche, asapite kwa wina aliyense, andibweretse ngakhale pangolo. Anawauza kuti abwereze. Bambo anabwereza zonse zinayi osaphonya, chipewa chili m'manja.

Sindinalire pamenepo. Ndinalira atandigoneka pabedi n'kundiika diripi, chikwama changa cha zitenje chili pansi pa bedi osatsegulidwa. Anesi aja anabwera diripi yachiwiri ili pakati, anakhala m'mphepete mwa bedi ndi pepala latsopano. Sanandikalipire. Anandifunsa kuti ndiwatchulire zonse zimene zimalowa m'kamwa mwanga kuyambira kudzuka mpaka kugona, zotafuna ndi zomwa zomwe, za pambale ndi za pamanja. Ndinatchula thobwa, mtedza, nzimbe, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, futali, nsinjiro za m'ndiwo. Iwo ankalemba n'kuika nambala pambali. Pa thobwa la shuga anati kapu yanga ija ndiziiwerenga ngati mtanda wathunthu, penanso kuposa. Pa mtedza anandipinditsa dzanja n'kunena kuti kodzaza apa ndi mtanda winanso. Ndinayesa kuwerenga makapu a Meyi ndi Juni, ndinasiyira panjira. Anati vuto ndi lawonso, pepala loyamba lija analitenga kwa anthu a m'tauni. Anandilembera m'buku langa la kuchipatala kuti ndiziyezedwa kuchipatala chaching'ono masabata awiri aliwonse, woyezayo azilemba yekha ndi kusaina. Anati kilo imodzi pa masabata awiri ndi yokwanira, ndikathamanga kuposa apo adzadziwa.

Anatitulutsa cha m'ma 3 koloko. Panja pa geti panali anjinga zamoto ambiri, akuitana. Bambo anasankha wachikulire pang'ono, anamufotokozera kuti mayiwa ali ndi vuto la pamimba, iwo akwera ina kumbuyo kwathu. Anandimangirira chitenje mothina pamwamba pa chotupa, mmene adokotala anawaonetsera, anaika chikwama pakati pa ine ndi woyendetsa.

Msewu wa kwathu ukachoka pa tala ndi wa mabampu okhaokha, mathirakitala a ku esiteti anaukumba nthawi ya fodya. Bampu iliyonse ndinkaimva pamchombo. Dzanja limodzi ndinagwira chitsulo cha kumbuyo, linalo ndinapanikiza pamimba, ndikuwerenga miyezi: Ogasiti, Seputembala, Okutobala, ndi masiku otsala a Julayi. Woyendetsa anafuna kupitirira ngolo ya ng'ombe pamalo a mchenga, njinga inaterereka pang'ono, chinthu chija chinakankha chikhatho changa.

"Achimwene, pang'onopang'ono," ndinatero. "Ngakhale tifike mochedwa."

Anatsitsa liwiro, tinayenda kumbuyo kwa ngoloyo mpaka pa mphambano.